Kaseti ya Malemu Gidiyoni

Khalani chete pang'ono, inu achinyamata a mumpingo, ndi inunso makolo amene mukulera ana m'masiku ano. Tcherani khutu ndipo musunge mumtima zimene mumve, kuti tsiku limene lilime lanu lidzafune kunena chinthu chimene simunachione, mudzakumbukire mnyamata wa ku Mua wotchedwa Maliko.

Maliko anabadwira m'nyumba yabwino. Bambo wake, a Leonard, anali mphunzitsi wa pulayimale, munthu wofatsa amene sankakweza mawu ngakhale m'kalasi. Mayi wake, a Katerina, ankasoka zovala pakhonde ndipo ankatsogolera mapemphero a mphakati. M'nyumbamo munalibe chuma, koma munali mtendere, ndipo mwana akalakwa ankadziwa kuti kunena zoona kumafupikitsa mlandu. Mulungu anam'patsa Maliko khutu lakuthwa ndi zala zofewa. Pofika zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anali ataloledwa kale kuyimba gitala m'kwaya ya Misa yoyamba. Koma mtima wake wonse unali pa gulu limodzi la oyimba akale, lotchedwa Mphezi za m'Bwanje.

Amene simunalimve gululi mundilole ndilitamande pang'ono, pakuti linali loyenera kutamandidwa. Anali amuna anayi a m'chigwa chino, alimi a thonje, amene anayamba kuyimba magitala amagetsi kuno magetsi asanafike. Batire la lole ankalinyamula pangolo. Chokuzira mawu anachimanga okha ndi matabwa a mlombwa ndi zitsulo za wailesi yakufa. Nsambo ya gitala ikaduka, ankamasula waya wa mabuleki a njinga n'kupitiriza dansi. A Kaliati, amene ankatsogolera ndi gitala, ankatha kuliliza ngati sitima ikamakwera mlatho, mpaka ana ankathamangira kunjanji kukaona. Ndipo panali a Gidiyoni, woyimba, munthu wochepa thupi wa liwu lalikulu, amene akatsegula pakamwa pa msika wa Golomoti, ogulitsa ankasiya malonda awo osawayang'anira. Makaseti awo awiri anafika m'nyumba zambiri, ndipo mpaka lero minibasi zina zimayimbabe nyimbo yawo ija ya "Sitima ya Lachinayi."

M'chaka cha 1992 a Gidiyoni anayamba kudwala. Podziwa kuti masiku awo afupika, anasonkhanitsa anzawo m'nyumba ya a Kaliati ku Mua, natchinga mazenera ndi mabulangete, najambula nyimbo zatsopano pa kaseti imodzi. Zinali zongoyeserera, zoti akadzachira akazijambule bwino kutawuni. Sanachire. Ali pamphasa anagwira dzanja la a Kaliati nanena kuti, "Achimwene, kaseti ija musaiyimbe maliro anga akali awisi. Muisunge kufikira tsiku limene manda anga adzamangidwe chiliza. Tsiku limenelo misozi idzakhala itauma. Ndipo woyamba kuimva akhale mkazi wanga Elizabeti."

Ana a malemu anali aang'ono, ndipo chiliza chinachedwa zaka khumi ndi zinayi. Zaka zonsezo a Kaliati anasunga mawu awo. Anasiya madansi, nakhala wosema ziboliboli ndi woyimba m'kwaya, ndipo kasetiyo sanaiyimbe ngakhale kamodzi.

Koma pamene mwini chinthu ali chete, ena amayankhula m'malo mwake. Pa Mtakataka, kuseri kwa msika, panali kanyumba ka mnyamata wina dzina lake Steven, amene ankaonetsa mafilimu ndi kukopera anthu nyimbo. Pakhomo pake panali benchi pansi pa mlambe, ndipo pamenepo oyitanira minibasi, akabaza ndi ogulitsa nsomba ankakangana za kaseti ya malemu tsiku ndi tsiku.

"Muli nyimbo khumi ndi ziwiri," wakabaza wina ankatero. "Malume anga anali panja pa zenera."

"Malume ako aja ogontha aja?"

"Nthawi imeneyo ankamva!"

"Inu simudziwa kanthu," wogulitsa nsomba ankawadula. "Muli nyimbo yodzudzula boma la chipani chimodzi. Akanaitulutsa chaka chimenecho, onse anayi akanasowa. N'chifukwa chake mdala uja amaibisa m'nkhokwe."

"Nanga bwanji sanaitulutse titavota? Akuopa ndani lero?"

"Kaseti kulibe, anyamata. Anaiyika m'bokosi la maliro. Ukadutsa kumanda kwa a Gidiyoni masana dzuwa lili pamutu, umamva gitala pansi."

"Iwe umamva gitala paliponse ukamwa."

Ankaseka, n'kuyambanso mawa lake. M'zonsezi munalibe choipa. Anali anthu okonda nyimbo zabwino, olakalaka kumvanso liwu limene linawakondweretsa ali ana.

Maliko ndiye anali pafupi ndi chinsinsicho kuposa onse, pakuti Loweruka lililonse ankapita kwa a Kaliati kukaphunzira gitala. Loweruka loyamba la mwezi ankaona mwambo wa mkuluyo. A Kaliati ankasamba m'manja, natulutsa chitini cha mabisiketi pansi pa bedi. M'chitinimo munali makala ouma oyamwa chinyontho, ndi kaseti yokulungidwa m'kansalu koyera. Ankalowetsa bolopeni pabowo la kaseti, nazunguza pang'onopang'ono kuchokera kumayambiriro kufikira kumathero, kenako n'kubwereranso. Ntchitoyo inkatenga ola lathunthu.

"Agogo, bwanji osangoyika m'wailesi ibweze yokha?" Maliko anafunsa tsiku lina.

"Tepi ya m'kati umu ndi ija yayitali, yopyapyala ngati khungu la anyezi," anayankha a Kaliati osakweza maso. "Kutentha kwa kuno kumaimatiriza. Ndikapanda kuizunguza ndi dzanja, igwirana. Ndikaipatsa wailesi wamba, itafunidwa. Gladys, mwana wa malemu, wapeza munthu ku Lilongwe wa makina abwino. Ameneyo ndiye adzaiyimbe."

"Koma kamphindi kamodzi kokha, agogo. Ine sindiuza munthu."

"Mwana wanga, ngakhale ine mwini ndimaifuna. Masiku ena ndimaigwira chonchi, mtima n'kumati, Kaliati, ndani angadziwe? Koma si yanga. Tatenga gitalayo, chala chako chaching'ono chikadali chaulesi."

A Leonard nawonso anaona kuti mwana wawo wayamba kuchedwa ku Mtakataka. Anamuitana nati, "Maliko, kucheza sindikukuletsa. Koma a Kaliati akutsegulira nyumba yawo ngati mdzukulu. Zimene umaona m'menemo uzizisiya m'menemo."

"Ndamva, ababa," anatero Maliko. Ndipo tsiku limenelo ananena ndi mtima woona.

Kugwa kwake kunayamba ndi chipongwe chaching'ono. Tsiku lina pabenchi paja Steven anamuloza nati, "Tam'funsani uyu. Amati ndi mwana wasukulu wa a Kaliati. Kapena umangopita kukasesa tizipalamandu ta ziboliboli?"

Anthu anaseka. Nkhope ya Maliko inatentha.

"Ine kasetiyo ndinaiona ndi maso anga."

"Kuona! Ngakhale mphemvu za m'nyumbamo zinaiona. Unaimva?"

Apa panali mphambano, ndipo Maliko anaidziwa. Akanati ayi, akanasekedwa mphindi imodzi, nkhani n'kutha.

"Ndinaimva," anatero.

Wakabaza uja anasuntha nam'patsa malo pamthunzi. Wina anathamanga kukam'gulira chakumwa chozizira. Anayamba kum'funsa mafunso, ndipo funso lililonse linafuna bodza lake. Nyimbo zilimo zingati? Zisanu ndi zinayi. Ya boma ija ilimo? Ilimo, koma yophiphiritsa. Tatiyimbirako pang'ono, mwana wa aphunzitsi! Maliko anazunguzika. Kenako anakumbukira kanyimbo kake kamene anapeka yekha kuseri kwa khitchini ya mayi wake, kamene anali asanayimbirepo munthu. Anakayimba motsitsa.

"A Gidiyoni enieni!" anafuula wogulitsa nsomba, maso ali ndi misozi. "Palibe wina angapeke chotere."

Onani chisoni chake. Nyimboyo inali yokoma ndithu, mphatso imene Mulungu anaipereka kwa Maliko. Akanaitchula kuti ndi yake, ikanam'lemekeza. Koma anaitenga n'kuiveka bodza.

Patapita sabata ziwiri a Katerina anabwera kuchokera kuchigayo, natula dengu, namuitana mwana wawo m'nyumba.

"Maliko, kuchigayo amayi akuyimba nyimbo imene akuti ndi ya malemu a Gidiyoni. Ine nyimbo imeneyo ndinaimva ikubadwa kuseri kwa khitchini yanga, uku ukulakwitsa n'kubwereza. A Gidiyoni anaipeka liti?"

"Amayi, ndi zocheza chabe."

"Zocheza za munthu wakufa? Kuli mkazi wa malemu ku Golomoti amene wadikira zaka zonsezi. Akamva kuti mwana wa Katerina anamva kale, adzati a Kaliati anaphwanya lonjezo. Wam'detsa mkulu wosalakwa. Mawa upite pabenchi pako pomwepo ukanene kuti unanama."

"Adzandiseka, amayi."

"Akuseke. Kusekedwa sikupha munthu."

Maliko anapitadi m'mawa mwake, mawu a kulapa ali pakamwa. Koma anapeza nkhani ina itam'tsogolera. Gladys anali atamanga chiliza cha bambo wake, ndipo Loweruka la sabata yotsatira kunali mwambo wochivundukula. Steven anam'kokera m'kanyumba kake.

"Wamva? Loweruka aiyimba kumanda. Ndiye tidzamva nyimbo zako zisanu ndi zinayi zija." Anamuyang'ana m'maso n'kumwetulira. "Iwe sunaimve, eti?"

Maliko anatembenukira kukhomo, koma Steven anam'gwira paphewa.

"Usade nkhawa, mphwanga, ine sindine wansembe. Tamvera. Lamulungu mdala uja amakhala m'kwaya maola awiri. Ubwere nayo, timve awiriwiri, ndikope, uibweze asanavule ndi jekete yomwe. Ukaimva, ndiye kuti sunanamenso. Ukhala kuti unangofulumira kunena."

"A Kaliati anati wailesi wamba ingaitafune."

"Wamba? Makina anga awa akopa makaseti a maukwati onse kuyambira pa Golomoti mpaka ku Chipoka. Mdala akukuopseza kuti ulemu ukhale wake yekha. Kapena ukufuna Loweruka anthu akuloze chala pamaso pa bambo ako?"

Mawu akuti "ndiye kuti sunanamenso" anam'komera Maliko. Umu ndi mmene tchimo limagwirira ntchito: limalonjeza kuti tchimo lachiwiri lidzachapa loyamba.

Lamulungu m'mawa anauza mayi wake kuti m'mimba mukum'pota, adzapita Misa yachiwiri. Belu litalira, anthu onse atalowa m'tchalitchi, anadutsa m'munda wa chinangwa nafika kwa a Kaliati. Kiyi ankadziwa pamene imakhala, pamwamba pa chitseko, pakuti mwini wake anam'sonyeza yekha. Pamene ankatsegula chitini, liwu la kwaya linkamveka kuchokera kumtunda, ndipo anazindikira nyimbo imene iye anayenera kuitsogolera ndi gitala. Koma sanabwerere. Anayika kaseti m'thumba la malaya, nakwera njinga ya bambo wake.

Atafika pa Mtakataka anapeza anthu oposa makumi awiri atadzaza m'kanyumba ka Steven, ena atasuzumira pazenera.

"Unati awiriwiri," ananong'ona Maliko.

"Awa ndi abale. Bweretsa."

Steven analowetsa kaseti m'wailesi yake yafumbi, nadina batani. Poyamba panamveka mpweya wokhawokha. Kenako munthu anakhosomola, naseka. Linali liwu limene aliyense m'chipindamo ankalidziwa.

"A Kaliati, tachotsani nkhuku iyi, ikundijompha chala. Eya. Tsopano mutuluke nonse, mutseke chitseko. Iyi si yanu, ndi ya mayi a kunyumba."

Chitseko chinamveka chikutsekedwa. Panalibe ng'oma, panalibe magetsi. Linali gitala limodzi louma, ndi liwu lotopa koma loongoka ngati kale:

"Elizabeti, mwana wa eni,
ndinakusiyira khasu, ine ndinatenga gitala.
Ankandiombera m'manja ku Salima ndi ku Balaka,
iwe uli maso, ukuingitsa udzudzu pa ana athu.
Lero ndakhala pansi, sendera kuno ndikuuze..."

Woyitanira minibasi wina anavula chipewa. Wogulitsa nsomba anaphimba nkhope ndi manja. Onse anazindikira kuti alowa m'chipinda cha eni osagogoda.

Koma Steven anali ndi changu cha ntchito yake. "Basi, yabwino. Tiibweze tiyambe kukopa, nthawi ikutha." Anaimitsa nyimbo, nadina batani lobweza mothamanga.

Wailesi inalira ngati mwana wa mbuzi, kenako inaima.

"Osakoka!" anakuwa Maliko.

Steven anali atakoka kale. Kaseti inatuluka, koma tepi inatsalira m'kati, itazengezana pa kagudumu, ndipo inatambasuka n'kuduka. Anatenga waya nayamba kuitokosa, natulutsa tizidutswa topindikapindika. Wina anati abweretse kyutekisi wopaka m'zikhadabo alumikize. Wina anati ayambe apukuta ndi sipiriti. Anapukutadi, ndipo utoto wofiirira umene umasunga mawu unatsalira pakansanza, tepi n'kukhala yoyera ngati pepala la shuga.

"Wabweretsa chinthu chovunda iwe," anatero Steven, akum'kankhira zonse m'manja. "Chotsa pakhomo panga. Ine sindinakutume."

Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi osayang'anana. Wakabaza uja anaima pakhomo nati, "Mwana wa aphunzitsi, iwe unati unaimva kale. Bwanji sunatiuze kuti muli mawu a munthu kwa mkazi wake? Tikanabwera ife?"

Maliko anabwerera ku Mua akukankha njinga. A Leonard anam'peza panjira, atamufunafuna kuyambira potuluka Misa. Anaona zimene zinali m'manja mwake, ndipo sanafunse funso. Sanam'menye. Anangoti, "Tiye," natsogola.

A Kaliati anali atakhala pakhonde, akadali m'jekete ya kutchalitchi, chitini chopanda kanthu chili pamiyendo. Maliko anagwada pansi naika kaseti ndi tizidutswa take patsogolo pawo. Mkuluyo anatola kachidutswa kamodzi, nakayang'ana padzuwa nthawi yaitali.

"Mbali iti imeneyi?"

"Pamene anakutulutsani m'nyumba, agogo."

A Kaliati anatseka maso. "Nyimbo zinazo ndinaziyimba nawo, ndikanatha kuzikumbukira. Imeneyo tinali panja, pansi pa mtengo wa mango. Palibe wamoyo amene anaimva mpaka kumapeto." Kenako anati, "Dzuka, Maliko. Ukugwadira munthu wolakwika. Ine ndinali wosunga chabe. Mwini wake ali ku Golomoti."

"Agogo, ndiperekezeni."

"Ndidzakuperekeza kufika pachipata. Polankhula udzalankhula wekha."

Lolemba m'mawa anakwera minibasi atatu, Maliko, bambo wake ndi a Kaliati. Kwa mayi Elizabeti anapeza pabwalo pali piringupiringu. Amayi ankakonza chimera cha thobwa la Loweruka, anyamata ankamanga chisakasa cha alendo. Gladys, namwino wa ku Lilongwe, anamva nkhaniyo ali chiimire.

"Ndinali ndi zaka khumi pamene ababa anamwalira," anatero. "Ndalimbikira sukulu, ndagwira ntchito, kuti amayi adzamve kaseti imeneyi asanafe. Iwe waitenga kukasangalatsa akabaza? Aphunzitsi, pepani, koma mwana wanu akagona kupolisi."

"Simukulakwa, mayi," anayankha a Leonard. "Sindinabwere kudzam'teteza."

"Gladys, takhala pansi," anatero mayi Elizabeti. Anali atakhala pamkeka, mayi wa imvi, wa manja olimba ndi khasu. "Sendera kuno, mnyamata iwe. Akuti unamvako. Undiuze zonse, usasiye kanthu, ndipo usawonjezere kanthu. Ndamva kuti kuwonjezera umakutha."

Maliko anasendera ndi maondo. "Poyamba anakhosomola, mayi. Kenako anaseka."

"Anaseka? Ndi matenda aja?"

"Nkhuku inkawajompha chala."

Mayi Elizabeti anaseka nawonso, kuseka kwa misozi. "Ndi yemweyo. Sankavala nsapato poyimba. Pitiriza."

Maliko ananena mawu amene malemu anatulutsira anzawo panja. Kenako, popeza panalibe njira ina, anayimba ndime ija monga anaimvera, osasintha liwu limodzi. Amayi a chimera anasiya ntchito. Atafika pa mawu akuti "sendera kuno ndikuuze," anaima.

"Eya," anatero mayi Elizabeti, atasendera patsogolo. "Anati chiyani?"

"Panathera pomwepo, mayi. Steven anaimitsa."

"Ngakhale liwu limodzi lotsatira?"

Apa Maliko anayesedwa kotsiriza. Anali ndi luso lopeka. Akanatha kuwonjezera mizere iwiri yokoma, mayiyo akanaikhulupirira, ndipo Gladys akanafewa mtima. Anaona maso a mayiwo akudikira, naweramitsa mutu mpaka pansi.

"Sindikudziwa, mayi. Ndikanena china chilichonse, likhala bodza."

Mayi Elizabeti anabwerera m'mbuyo pamkeka.

"Liwu lake ndili nalo m'makaseti akale aja," anatero. "Koma m'menemo amayimbira anthu onse. Bambo uja pa moyo wake wonse sanathe kundiyang'ana m'maso n'kunena mawu ofewa. Ankathawira ku nthabwala. Ndinkadziwa kuti chimene analephera kunena pakamwa anachiyika m'menemo. Ndinkati ndidzamva Loweruka." Anapukuta nkhope ndi chitenje. "Gladys, za polisi zisiye. Apolisi sayimba. Iwe mnyamata, ndakukhululukira, chifukwa nanenso ndimapempha chikhululukiro tsiku ndi tsiku. Koma udziwe kuti chikhululukiro changa sichilumikiza tepi."

Lachisanu munthu wa makina uja anafika kuchokera ku Lilongwe. Anadula mbali yowonongeka, imene munali nyimbo yonse ya mayi Elizabeti, nalumikiza yotsala mosamala, napulumutsa nyimbo zisanu ndi imodzi za gulu lonse. Loweruka, atatha mapemphero, atavundukula chiliza, anaziyimba pamaso pa khamu lochokera ku Mua, ku Mtakataka ndi kwa Kachindamoto konse. Munalibe nyimbo ya ndale. Munali nyimbo za mvula, za thonje, za mlendo wosochera panjanji, ndipo gitala la a Kaliati linalira m'menemo mokoma kuposa m'makaseti onse akale, kotero kuti okalamba anaimirira n'kuvina pafumbi ndi ndodo zawo. Anthu anavomereza kuti Mphezi za m'Bwanje zinasunga zabwino koposa kumapeto.

Nyimbo zitatha, Maliko anapempha mwayi kwa akuluakulu, naimirira pakati pa anthu. Ananena momveka kuti sanamvepo kasetiyo kale, kuti a Kaliati sanaphwanye lonjezo, kuti kanyimbo ka pabenchi kanali kake, ndi kuti iye ndiye anaba ndi kuwononga nyimbo ya mayi Elizabeti. Palibe anam'seka, ndipo palibe anamuombera m'manja. Mayi Elizabeti anakhala pafupi ndi chiliza kufikira alendo onse atapita kukadya. Anakhala ndi moyo zaka zina zinayi, ndipo anapita kwa Ambuye osadziwa chimene mwamuna wawo ankafuna kuwauza.

Tsono chenjezo ndi ili, ana anga, ndipo ndilinena mosabisa. Musanene kuti mwamva chimene simunamve, kapena kuti mukudziwa chimene simukudziwa, pofuna malo pamthunzi pakati pa anzanu. Bodza laling'ono limafuna wantchito, ndipo wantchito wake ndi kuba. Musatambasule dzanja pa chinthu chimene wina wasungitsa, ngakhale mukuchikonda motani, ngakhale mukuti mubweza msanga. Kukonda nyimbo si tchimo, ndipo kulakalaka kumva si tchimo. Tchimo ndi kukana kudikira tsiku la mwini wake. Mulungu ndi wachifundo, amalandira wolapa monga analandira Maliko. Koma pali zinthu zina zimene zikawonongeka sizibwerera m'dziko lino, ndipo amene amalira si wakuba yekha.

Ambuye adalitse inu nonse amene mwamva mawu awa. Asunge lilime lanu pa choona ndi manja anu pa zanu, akupatseni mtima wodikira, ndipo mtendere wake ukhale m'nyumba zanu, lero ndi masiku onse. Amen.